Mafupa a M'khosi Amene Amauza Dokotala Nthaŵi Yoongola Nsagwada za Mwana

Pali makolo ambiri m'mipingo yathu amene amadandaula mumtima akaona kuti mano akutsogolo a mwana wao atulukira kunja kotero kuti milomo siikumana bwino, ndipo chibwano chake chabwerera m'mbuyo. Ena amaona zosiyana ndi zimenezi: nsagwada ya m'munsi yapitirira ya m'mwamba, ndipo mwana akatseka pakamwa mano a m'munsi ndiwo amakhala patsogolo. Funso limene makolo otere amafunsa kaŵirikaŵiri ndi lakuti, "Kodi tipite naye liti kwa dokotala? Tsopano lino, kapena tidikire ayambe wakula?" Achibale ena amati fulumirani, pakuti m'mera mpoyamba. Ena amati musiyeni, zidzakonzeka zokha akadzakula.

Mayankho onse aŵiriŵa angathe kusokeretsa. Madokotala oongola mano anapeza kuti ntchito yao ili ndi nthaŵi yake yoyenera, ndi kuti nthaŵiyo siidziŵika poŵerenga zaka zakubadwa zokha. Chodabwitsa nchakuti amaiŵerenga pa mafupa atatu aang'ono a m'khosi. M'nkhani ino ndifuna kuti tione pamodzi m'mene amachitira zimenezi, ndi zimene ife makolo ndi achinyamata tiyenera kuchitapo.

Mano ndi nsagwada

Poyamba tiyenera kusiyanitsa zinthu ziŵiri. Pali vuto la mano okha, ndipo pali vuto la nsagwada, ndiwo mafupa amene manowo anazikikamo. Mwana amayamba ndi mano 20, amene amaguluka pang'onopang'ono kuyambira pa zaka 6, ndipo m'malo mwao mumamera mano okhalitsa, amene akakwanira onse amakhala 32. Nthaŵi zina mano okhalitsaŵa amapanikizana kapena kupotoka chifukwa cha kuchepa kwa malo, pamene nsagwada zili bwinobwino. Mano otere angathe kuongoledwa ndi timawaya pa msinkhu uliwonse, ngakhale munthu ali ndi zaka 30 kapena 40, malinga ngati nkhama ndi fupa zili zolimba.

Vuto la nsagwada nlosiyana. Nsagwada ya m'mwamba inalumikizika ndi chigaza ndipo siigwedezeka. Ya m'munsi ndiyo imayenda tikamatafuna, tikamalankhula ndi tikamaimba. Ziŵirizi ziyenera kukumana monga mphika ndi chivundikiro chake. Pamene zonse zili bwino, mano akutsogolo a m'mwamba amapitirira a m'munsi ndi mamilimita 2 kapena 3 okha. Koma ina ikatsalira pa kukula, kapena ikakula kuposa inzake, mano sangakumane bwino ngakhale ataima mooongoka.

M'chaka cha 1899 dokotala wina wa ku America, Edward Angle, anagaŵa kakumanidwe ka mano m'magulu atatu, ndipo magulu akewo akugwiritsidwabe ntchito kufikira lero. M'gulu loyamba mano otafunira a m'mwamba ndi a m'munsi amakumana bwino, ngakhale ena akutsogolo atapanikizana. M'gulu lachiŵiri mano a m'munsi amatsalira m'mbuyo. M'gulu lachitatu mano a m'munsi amapitirira a m'mwamba. Nkhani yathu ikhudza makamaka magulu aŵiri otsirizaŵa.

Wina angafunse kuti, "Kodi imeneyi si nkhani ya maonekedwe chabe?" Iai. Mwana amene mano ake atulukira kwambiri amathyoka mano msanga akagwa pa mpira kapena pa njinga, popeza milomo siiwaphimba. Ofufuza anapeza kuti ngozi yotere imachuluka pafupifupi kaŵiri mwa ana amene mano ao a m'mwamba apitirira a m'munsi koposa mamilimita 3. Ena amavutika kuluma chimanga chootcha kapena nzimbe, ena amavutika kutchula mau ena. Ndipo pali bala lina losaoneka, ndilo la kusekedwa ndi anzao, limene tidzalinenanso kumapeto.

Mwana aliyense ali ndi nyengo yake

Kukula kwa mwana sikuyenda mofanana chaka ndi chaka. Asanayambe kutha msinkhu, mwana amatalika pafupifupi masentimita 5 kapena 6 pa chaka. Kenaka pamabwera nyengo ya kukula mofulumira, imene amatha kuwonjezera masentimita 8, 9 ngakhale 10 pa chaka chimodzi. Atsikana ambiri amafika pachimake pa nyengo imeneyi ali ndi zaka pafupifupi 12, ndipo anyamata ali ndi zaka pafupifupi 14. Nsagwada ya m'munsi nayo imakula mofulumira pafupi ndi nthaŵi yomweyo. Ikani chala patsogolo pa khutu lanu ndipo muyasamule. Mudzamva fupa likuyenda. Pamenepo ndi pamene nsagwada imakulira kwambiri, pakuti pali chichereŵechereŵe chimene chimanka chisanduka fupa.

Koma zaka 12 ndi 14 zimene tatchulazi nzongoyerekeza. Ife amene timaphunzitsa ku pulaimale timaziona zimenezi tsiku ndi tsiku. M'kalasi la Sitandade 7 mumakhala anyamata aŵiri obadwa chaka chimodzi, wina mau ake ayamba kale kukula ndipo kabudula wamuchepera, pamene mnzake akuonekabe ngati mwana wa Sitandade 4. Onse aŵiri ali bwino. Wina wafulumira, wina wachedwa. Kusiyana kwa zaka ziŵiri kapena zitatu pakati pa ana nkwa masiku onse. Kumachokera ku mtundu wa makolo, komanso ku chakudya ndi matenda. Mwana amene sanadye mokwanira ali wamng'ono kaŵirikaŵiri amachedwa kutha msinkhu. Imeneyi si nkhani yakutali kwa ife, pakuti kafukufuku wa za umoyo wa m'chaka cha 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malaŵi muno, 37 anali opinimbira.

Mlimi aliyense amadziŵa kusiyana kwa chizimalupsa ndi mvula yobzalira. Wobzala pa chizimalupsa amataya mbeu, ndipo wochedwa kubzala amakolola pang'ono. Sabzala chifukwa choti kalendala yanena kuti mwezi wakwana. Amayamba waona kumwamba ndi kufukula nthaka. Momwemonso dokotala wofuna kuthandiza nsagwada kukula ayenera kudziŵa nyengo imene thupi la mwanayo lafika, ndipo nyengoyo imalembedwa m'mafupa.

M'mene njira imeneyi inapezekera

Kuona mafupa a munthu wamoyo kunayamba m'chaka cha 1895, pamene Wilhelm Röntgen wa ku Germany anatulukira kuŵala kwa X-ray. M'chaka cha 1931 B. Holly Broadbent wa ku Cleveland, ku America, ndi Herbert Hofrath wa ku Germany, aliyense payekha, anaonetsa njira yojambulira mutu wa munthu chakumbali, mutuwo utagwiridwa pamalo amodzi, kuti zithunzi za zaka zosiyana zithe kuyerekezedwa. Chithunzi chotere chimaonetsa chigaza, nsagwada zonse ziŵiri, mano, ndiponso mafupa akumtunda a m'khosi.

Kwa zaka zambiri madokotala sanasamale mafupa a m'khosiwo. Pofuna kudziŵa kukhwima kwa mwana ankajambula chithunzi china cha dzanja, nachiyerekeza ndi zithunzi za m'buku limene William Greulich ndi Idell Pyle anatulutsa m'chaka cha 1950. Njira ya dzanja inali yabwino, koma inkafuna kuti mwana ajambulidwe kaŵiri, ndipo dokotala wanzeru safuna kuonjezera kuŵala kwa X-ray pa thupi la mwana popanda chifukwa chokwanira.

M'chaka cha 1972 Don Lamparski, amene ankaphunzira za kuongola mano pa yunivesite ya Pittsburgh, anaonetsa kuti mafupa a m'khosi amasintha maonekedwe mwa dongosolo pamene mwana akukula, ndi kuti angathe kunena zimene dzanja limanena. M'chaka cha 1995 Brent Hassel ndi Allan Farman anakonzanso njirayo kuti pazionedwa mafupa atatu okha, amene amaonekabe ngakhale mwana atavekedwa chotchinga cha mtovu choteteza chithokomiro. Pambuyo pake Tiziano Baccetti ndi Lorenzo Franchi a ku Florence, ku Italy, pamodzi ndi James McNamara wa ku yunivesite ya Michigan, anayerekeza kusintha kwa mafupaŵa ndi kukula kwa nsagwada ya m'munsi pa zithunzi za ana amene ankajambulidwa chaka ndi chaka. Anafalitsa zimene anapeza m'chaka cha 2002 ndi cha 2005, ndipo magawo 6 amene anafotokoza mu 2005 ndiwo amene madokotala ambiri amatsata.

Zimene dokotala amaona

Khosi la munthu lili ndi mafupa 7 osanjikizana. Chiŵerengero chimenechi nchimodzimodzi ndi cha mbuzi, cha ng'ombe, ngakhale cha nyamalikiti ndi khosi lake lalitalilo. Fupa loyamba limasenza mutu. Lachiŵiri lili ndi kansonga koloza kumwamba kamene mutu umazungulirapo tikamakana, ndipo akatswiri akale anakatcha dzina la Chilatini lotanthauza dzino. Dokotala woongola mano amayang'ana fupa lachiŵiri, lachitatu ndi lachinayi, ndipo amafunsa mafunso aŵiri okha. Loyamba: kodi kunsi kwa fupa nkosalala, kapena kwakumbika monga chikho chovundikira? Lachiŵiri: kodi fupa lachitatu ndi lachinayi aumbika motani?

Pa gawo loyamba, kunsi kwa mafupa onse atatu nkosalala. Fupa lachitatu ndi lachinayi nlalitali kumbuyo ndi lalifupi kutsogolo, pamwamba pake mpotsetsereka monga denga la khonde. Chimake cha kukula kwa nsagwada chikadali kutali, pafupifupi zaka 2 kutsogolo kapena kuposerapo.

Pa gawo lachiŵiri, kunsi kwa fupa lachiŵiri kwayamba kukumbika. Chimake chili pafupifupi chaka chimodzi kutsogolo.

Pa gawo lachitatu, fupa lachiŵiri ndi lachitatu onse akumbika kunsi. Apa dokotala amadziŵa kuti nyengo yafika: nsagwada idzakula mofulumira koposa m'chaka chikudzacho.

Pa gawo lachinayi, mafupa onse atatu akumbika, ndipo lachitatu ndi lachinayi afanana ndi njerwa yogona. Chimake chapita, chaka chimodzi kapena ziŵiri zapitazo.

Pa gawo lachisanu, limodzi mwa mafupa aŵiriwo, kapena onse, lafanana m'litali ndi m'lifupi. Kukula kwatsala pang'ono.

Pa gawo lachisanu ndi chimodzi, limodzi kapena onse atalika monga njerwa yoimirira. Papita zaka 2 kapena kuposerapo chichokere chimake.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: nsagwada ya m'munsi imakula koposa pakati pa gawo lachitatu ndi lachinayi. Mtsikana wa zaka 11 angathe kukhala kale pa gawo lachitatu, pamene mnyamata wa zaka 13 akadali pa gawo lachiŵiri. Dokotala atangotsata zaka zakubadwa, angachedwe kwa mtsikanayo ndi kufulumira kwa mnyamatayo.

Chithandizo chilichonse ndi nthaŵi yake

Tiyambe ndi mwana wa gulu lachiŵiri, amene nsagwada yake ya m'munsi yatsalira. Iyeyu amavekedwa kachipangizo ka m'kamwa kamene kamakankhira nsagwadayo kutsogolo usana ndi usiku. Kena kamatchedwa Twin Block, kamene William Clark wa ku Scotland anakonza m'chaka cha 1977, ndipo mwana angathe kukavula potsuka. Kena kamatchedwa Herbst, potengera dzina la Emil Herbst wa ku Germany amene anakaonetsa m'chaka cha 1909. Kameneka kamamatidwa ku mano ndipo sikavulidwa kunyumba. Chithandizo chotere chimatenga pafupifupi chaka. Baccetti ndi anzake anapeza kuti chimathandiza fupa kwambiri ngati chaka chimenecho chikumana ndi chimake cha kukula, ndiye kuti chikayamba pa gawo lachitatu. Chikayamba mwana ali ndi zaka 7 kapena 8, pa gawo loyamba, mwana amatopa nacho, makolo amalipira kaŵiri, ndipo pamapeto pake zotsatira sizisiyana kwenikweni ndi za mnzake amene anadikira. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa zofufuza za madokotala a m'maiko ambiri, linanena m'chaka cha 2018 kuti phindu loonekeratu loyambira msanga kwa ana a mano otuluka nlakuti kuthyoka kwa mano akutsogolo kumachepa. Chotero mwana amene mano ake atulukira kwambiri, kapena amene akuzunzika ndi kusekedwa, dokotala angathe kumuyamba msanga; koma ambiri amapindula podikira.

Mwana wa gulu lachitatu nkhani yake njosiyana. Kaŵirikaŵiri nsagwada yake ya m'mwamba ndiyo yatsalira kapena yapapatiza. Nsagwada imeneyi imakulira m'misoko imene imailumikiza ndi mafupa ena a kumaso, ndipo misokoyo imanka ilimba pamene mwana akuyandikira kutha msinkhu. Nchifukwa chake chipangizo chokokera nsagwada ya m'mwamba kutsogolo, chimene Jean Delaire wa ku France anachitchukitsa, chimagwira bwino ntchito mwana akadali pa gawo loyamba kapena lachiŵiri. Kukulitsa m'kamwa mopapatiza nakonso nkosavuta msoko wa pakati usanalimbe. Kwa mwana wotereyu mwambi wa m'mera mpoyamba ukunena zoona.

Pali enanso amene kusiyana kwa nsagwada zao nkwakukulu kotero kuti chofunika ndi opaleshoni. Ameneŵa ayenera kudikira kufikira kukula kutatha, pakuti nsagwada ya m'munsi, makamaka mwa anyamata, imatha kukulabe mpaka zaka 18 ndi kupitirira, ndipo ingathe kugwetsa ntchito imene dokotala anagwira.

Taona tsono kuti mwana wina afunika kuyamba msanga, wina kudikira chimake, wina kudikira mapeto. Palibe yankho limodzi la ana onse, ndipo nchifukwa chake malangizo a mnansi amene mwana wake anathandizidwa pa zaka zakutizakuti sangakhale lamulo la mwana wanu.

Malire a njira imeneyi

Tisaganize kuti mafupa a m'khosi amanena tsiku ndi mwezi. Kusintha kwao kumachitika pang'onopang'ono, ndipo fupa limene lili pakati pa magawo aŵiri madokotala angathe kuliŵerenga mosiyana. M'chaka cha 2009 ofufuza a pa yunivesite ya Iowa anapatsa madokotala angapo zithunzi zomwezo, ndipo anapeza kuti anagwirizana osafika theka la nthaŵi zonse. Ofufuza ena anaona kuti kugwirizana kumakula pamene madokotala aphunzitsidwa bwino kaŵerengedwe kake, ndipo masiku ano ena akuphunzitsa makompyuta kuti azithandiza pa ntchitoyi. Tikumbukirenso kuti ana amene magawo aŵa anayesedwa pa iwo poyamba anali a ku Michigan, a makolo ochokera ku Ulaya, ndipo anali oŵerengeka. Dokotala wosamala, pamene akuona mwana wa kuno kwathu, amaphatikiza chithunzicho ndi zizindikiro zina: kutalika kwa mwana m'miyezi yapitayi, kusintha kwa mau, mano amene amera, ndi zimene makolo amuuza.

Ndiponso zipangizo zija sizichita zozizwitsa. Ngakhale pa nthaŵi yoyenera, zimene zimaonjezera pa fupa ndi mamilimita oŵerengeka, ndipo mbali ina ya kusintha imachokera ku kusuntha kwa mano. Mwana amene savala chipangizo chake monga anauzidwira sapindula kanthu, ngakhale nthaŵi itasankhidwa bwino chotani. Chomaliza, chithunzi cha X-ray sichijambulidwa pofuna kungoona khosi. Dokotala amachijambula pamene chikufunika pokonza chithandizo, ndipo mafupa a m'khosi amangowaŵerengera pomwepo. Kholo lisapite kukapempha kuti mwana ajambulidwe chaka ndi chaka mwa chidwi chabe.

Nanga ife kuno kwathu tichitenji?

Nzoona kuti madokotala oongola mano ngochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo amapezeka makamaka m'mizinda ikuluikulu. Mtengo wa chithandizo nawonso ngwokwera. Komabe zinthu zikusintha. M'chaka cha 2019 maphunziro a udokotala wa mano anayamba ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow ya ku Scotland. M'chaka cha 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza umoyo wa m'kamwa. Zipatala zazikulu za ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu zili ndi mbali yoona za mano, ndipo ogwira ntchito za mano a m'zipatala za m'maboma angathe kumuona mwana ndi kukuuzani kumene mungapite. Pali zinthu zimene kholo lililonse lingachite, ndipo zambiri sizilira ndalama.

1. Mwana aonedwe msanga. Bungwe la madokotala oongola mano la ku America limalangiza kuti mwana aonedwe pofika zaka 7, pamene mano okhalitsa oyamba amera. Kuonedwa sikutanthauza kuyamba chithandizo. Dokotala akanena kuti, "Mubwere naye chaka chamaŵa," musaganize kuti wakukanani kapena kuti sakudziŵa ntchito. Angakhale akudikira nyengo. Koma tsiku limene wanenalo musaliphonye.

2. Lembani kutalika kwa mwana. Muimikeni pa khoma wopanda nsapato miyezi 3 iliyonse, mulembe mzere ndi tsiku lake. Mizere ikayamba kutalikirana, dziŵani kuti nyengo ya kukula mofulumira yayamba. Kaŵirikaŵiri mapazi ndiwo amatsogola, kotero nsapato zikayamba kuthina msangamsanga, chimenecho nchizindikiro. Sunganinso buku lake la kuchipatala, mmene muli tsiku lenileni lobadwa.

3. Amai ndi alangizi a mumpingo adziŵe ichi: mtsikana amayamba kusamba chimake cha kukula chitapita kale, kaŵirikaŵiri patatha pafupifupi chaka. Amene amati "tidikire ayambe wakula" amapeza kuti nthaŵi yabwino yothandiza nsagwada ya m'munsi yadutsa. Mtsikana wa chibwano chotsalira aonedwe ali ndi zaka 9 kapena 10.

4. Thandizani mwana kuleka kuyamwa chala mano okhalitsa asanamere. Chizoloŵezi chimenechi chikapitirira chimakankhira mano a m'mwamba kunja. Mulekeni mwachikondi, kumumenya ndi kumunyoza kumangoonjezera mantha amene amamuyamwitsa chalacho. Mwana amene amapumira m'kamwa nthaŵi zonse ndi kuliza mkonono usiku aonedwenso kuchipatala.

5. Samalani mano oyamba. Ena amati ngosafunika popeza adzaguluka, koma dzino lotafunira likazulidwa nthaŵi yake isanakwane, anzake amasendera pamalopo ndipo lokhalitsa limasoŵa pomera. Ana atsuke mano kaŵiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira mano, ndipo achepetse masiwiti ndi zakumwa zotsekemera. Dokotala saika timawaya pa mano obooka.

6. Adyetseni ana zakudya za magulu onse. Usipa ndi matemba zodyedwa ndi minga yomwe, nyemba, nsinjiro, mazira, mkaka ndi ndiwo zamasamba zimamanga mafupa.

Mau kwa achinyamata

Ana anga, ena mwa inu mwaona pa foni anzanu akumanga mano ao ndi timalabala, kapena kugula timawaya tonamizira toikidwa ndi anthu osaphunzira ntchitoyi. Musayese zimenezi. Kalabala kangathe kuloŵa pansi pa nkhama osaoneka, nkumadya fupa kufikira dzino labwinobwino litagwedera ndi kuguluka, ndipo dzino lokhalitsa likachoka silimeranso. Kwa inu amene mwapitirira zaka za kukula, musataye mtima. Nyengo yothandiza fupa kukula ndiyo imapita, koma mano enieniwo angathe kuongoledwa ngakhale mutayamba kale ntchito ndi kulandira malipiro anu. Ndipo inu amene makolo anu adzimana kuti akulipirireni chithandizo, valani chipangizo chanu mokhulupirika, pakuti chaka chimene thupi lanu likukula mofulumira sichibweranso.

Palinso tchimo limene talizoloŵera kotero kuti sitiliyesanso tchimo, ndilo kupatsa ana maina onyoza chifukwa cha mano kapena chibwano chao. Mwana wotchedwa dzina la nyama chifukwa cha mano ake amaleka kuseka pagulu, amaphimba pakamwa ndi dzanja, amakana kuŵerenga m'kalasi, ndipo ena amatuluka m'kwaya ali ndi mau abwino. Nthaŵi zina oyambitsa mainaŵa ndi akuluakulu a pabanja pomwepo. Aphunzitsi a Sande sukulu, atsogoleri a achinyamata ndi ife akulu a mpingo tiyenera kuletsa zimenezi poyera. Mbiri ya kudzozedwa kwa Davide pa 1 Samueli 16 imatikumbutsa kuti Mulungu sayesa munthu ndi maonekedwe ake. Mabanja ambiri sadzatha kulipira chithandizo chimene tafotokozachi, ndipo ana ao adzakula ndi mano monga alili. Ana ameneŵa ngathunthu pamaso pa Mlengi, ndipo ayenera kumva zimenezi kuchokera kwa makolo ao ndi kumpingo kwao.

Komanso tisamuweruze kholo limene lafunafuna chithandizo cha mwana wake ngati kuti likutsata zachabe. Kusamala thupi limene tinapatsidwa ndi mbali ya udindo wathu. Mlaliki Luka, amene anali sing'anga, sanaiŵale kulemba kumapeto kwa mutu wachiŵiri wa Uthenga wake kuti Ambuye wathu ali mwana anakulanso m'thupi monga ana ena onse. Ndipo buku la Mlaliki, mutu 3, limatiphunzitsa za nthaŵi zimene Mulungu anaikira zinthu. Madokotala a ku Pittsburgh, Florence ndi Michigan sanaike okha nyengo zimenezi m'mafupa a ana. Anangophunzira kuŵerenga zimene zinalimo kale.

Chotero makolo anzanga, madzulo ano muitaneni mwana wanu, atseke pakamwa, ndipo mumuyang'ane chakumbali. Ngati mano a m'mwamba atulukira kwambiri, kapena a m'munsi ali patsogolo, kapena mano akutsogolo sakukumana konse, konzani ulendo wa kuchipatala mwezi uno. Mukafunse dokotala mafunso atatu: kodi vuto lili m'mano kapena m'nsagwada, kodi mwanayu wafika pati pa kukula kwake, ndipo tibwerenso liti? Akakuuzani kuti yambani, musazengereze. Akakuuzani kuti dikirani, dikirani ndi mtima wodekha. Ambuye atipatse nzeru zolerera ana amene anatiikiza, m'thupi ndi mumzimu momwe.